Majarini amachokera ku zomera inde, koma si onse abwino ku mtima

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti majarini ngabwino kuposa batala poti amachokera ku zomera ndipo alibe kolesterol. Zoti ambiri alibe kolesterol nzoona, koma nkhani yake siithera pomwepo ayi.

Mafuta ambiri a zomera amakhala amadzimadzi, ndiye kuti alimbe mpaka azipakika pa buledi mafakitale ankawaphatikiza ndi mpweya wa hydrogen, ndipo pochita zimenezo pamapangika mafuta ena otchedwa trans fat, awa ndiye oopsa zedi. Amakweza LDL, kolesterol yoipa ija imene imamatirira m'mitsempha ya magazi mpaka njira kuchepa, nthawi yomweyo nkumatsitsanso HDL yomwe imathandiza kuchotsa yoipayo. Batala naye amakweza LDL, koma sagwetsa HDL chonchi. Ine zimandikhudza kwambiri ndikaganiza za anthu amene anasiya batala pofuna kuteteza mtima wawo, osadziwa kuti majarini olimba a nthawi imeneyo ankawavulaza kuposa.

Denmark ndi yomwe inayamba kuika malire a trans fat mu 2003, magalamu 2 pa magalamu 100 aliwonse a mafuta, kenako mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapempha mayiko onse kuti mafutawa achotsedweretu m'zakudya.

Komatu musathamangire kutaya majarini onse. Ambiri ofewa a masiku ano akupangidwa mwanjira ina, trans fat mulibe kapena ngochepa kwambiri. Muziwerenga zomwe zalembedwa papaketi, mukaona mawu oti partially hydrogenated chisiyeni, kaya ndi majarini, mabisiketi kapena makeke ogula, poti m'zinthu ngati zimenezi ndi momwe mafutawa amabisala.