Musanadzudzule API, yankho lenileni munalisunga kuti?

API ndi khomo limene pulogalamu yanu imafunsira zinthu kwa makampani ngati Facebook kapena YouTube. Ndatopa nawo uthenga wakuti "API yawonongeka, dzulo inandipatsa manambala ena, lero ena." Ndikafunsa kuti JSON (kalembedwe kamene yankho limabweramo) imene seva (kompyuta ya kampaniyo imene imayankha mafunso) inabweza, isanakhudzidwe ndi pulogalamu yanu, ili kuti, anthu amangoti zii. Anasunga zimene pulogalamu yawo inatafuna kale. Ndiye mlandu tiuzenga bwanji popanda mboni?

Facebook, Instagram, X kapena YouTube si kompyuta imodzi. Ndi maseva ambirimbiri omwazikana m'mayiko osiyanasiyana, ndipo munthu akadina "like" uthengawo sufika kwa onse nthawi imodzi. Funso lanu loyamba layankhidwa ndi seva imene yamva kale, lachiwiri ndi imene isanamve, kapena ndi cache yosunga zakale. Kusiyana kwa mphindi zochepa kumeneko si matenda, ndi mmene anazipangira. YouTube mpaka 2015 inkaimitsa chiwerengero cha owonera pa 301 uku ikutsimikiza kuti ndi anthu enieni, ndipo mpaka lero imachotsa owonera achinyengo, moti nambala imatha kutsika.

Koma nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya mnyamata wina, wanzeru ndithu, amene analemba pulogalamu m'chinenero cha makompyuta cha JavaScript yotolera ma tweet (mauthenga a pa Twitter, imene pano imatchedwa X) onena za kasitomala wake. Kwa miyezi ingapo lipoti linkaonetsa mauthenga ochepa kuposa amene anthu ankaona ndi maso awo. Anasintha token (kiyi yachinsinsi yolowera ku API), anauza pulogalamu kuti izifunsa mobwerezabwereza, anadandaula paliponse. Koma vuto linali m'nyumba mwake momwemo. Kuyambira 2010 Twitter inayamba kupatsa uthenga uliwonse nambala yozindikiritsa yaitali kwambiri (ya 64-bit), yotchedwa Snowflake, pamene JavaScript imasunga molondola nambala mpaka 9007199254740991 basi. Ikapyola pamenepo, manambala akumapeto amasinthidwa mwakachetechete, popanda chenjezo lililonse. Pulogalamu ikabwerera kukafunsa za tweet ija ndi nambala yopotokayo, seva inkayankha kuti kulibe, pulogalamuyo n'kuifufuta poganiza kuti mwiniwake waichotsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti Twitter inali itaika kale id_str pambali pa id, nambala yomweyo koma yolembedwa ngati mawu, pofuna kupewa zomwezi. Mzere umodzi wokha ukanamupulumutsa. Pamene ankabwera kwa ine zambiri zinali zitapita kale, chifukwa kusaka wamba pa API ya Twitter nthawi imeneyo kunkangobwerera m'mbuyo masiku 7, ndipo mayankho oyambirira sanasunge n'limodzi lomwe. Akanabwera sabata yoyamba, bwenzi zonse zitabwezedwa.

Zina n'zing'onozing'ono koma zimagwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Mukamatenga zinthu tsamba ndi tsamba potsata nambala ya tsamba, uthenga watsopano ukalowa pamwamba zonse zimasuntha: china muchitenga kawiri, china muchidumpha. N'chifukwa chake amakupatsani cursor (chizindikiro cha pamene munalekezera), igwiritseni ntchito. Tsiku la YouTube Analytics (malipoti a ziwerengero a YouTube) limatha potsata nthawi ya Pacific ya kumadzulo kwa America, osati ya wotchi yanu, ndiye "dzulo" lanu ndi lawo sizifanana. Seva ikayankha 429 ikuti mwafunsa mopyola muyezo, sikuti kulibe kanthu. Ndaonapo mapulogalamu olemba ziro pamenepo. Ma token awiri a zilolezo zosiyana saona zofanana. Ndipo version (mtundu wa nthawi imeneyo) ya API ya Facebook, yotchedwa Graph API, imakhala pafupifupi zaka 2. Ikatha, mafunso anu amatumizidwa ku ina yotsatira musakudziwa, n'kupeza kuti zina munazolowera zasowa.

Tsono pamene mwasokonezeka ndi pamene amatulukira asing'anga a pa intaneti, ogulitsa "API yachinsinsi" kapena scraper (pulogalamu yokopera zimene zikuoneka pa tsamba la pa intaneti) yoti imapereka manambala enieni amene kampani ikubisa. Manambala enieni ati? Akutunga pachitsime chomwecho, kungoti akudzera kuseri kwa mpanda, ndipo tsamba likangosintha maonekedwe chida chawo chimayamba kunama osakuuzani. Ambiri amayamba ndi kukupemphani password kapena token. Amene wagwira token yanu angathe kuchita chilichonse chimene token imeneyo imalola, ndipo akaunti imene idzatsekedwe ndi ya kasitomala wanu, osati yawo. Ngati munapereka kale, musadikire mawa: lowani pa zoikamo za akauntiyo, chotsani chilolezo cha pulogalamuyo, sinthani password, kenako yambani kusunga yankho lililonse pamodzi ndi nthawi yake mu UTC (nthawi imodzi yoyendera dziko lonse) ndi version imene munafunsa.