Usiku wa ku Haymarket ndi Gwero la Tchuthi cha pa 1 Meyi

Chaka chilichonse pa 1 Meyi kuno kwathu timapuma, mabungwe a anthu apantchito n'kuguba ndi zikwangwani, koma ku America komwe tsikuli linachokera anthu amalawirira kuntchito ngati tsiku wamba. Kwawoko tchuthi cha apantchito chimabwera Lolemba loyamba la Seputembala, koma nkhani ya tsiku la 1 Meyi imayambira mumzinda wa Chicago mu 1886.

Nthawi imeneyo anthu ambiri a m'mafakitale ankagwira maola 10 kapena kuposerapo pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Mu 1884 mabungwe awo anagwirizana kuti kuyambira pa 1 Meyi 1886 ntchito izikhala ya maola 8 basi, ndipo tsikulo litakwana anthu zikwizikwi ananyanyala ntchito m'dziko lonselo. Pa 3 Meyi apolisi anawombera onyanyala pafupi ndi fakitale ya McCormick yopanga makina okololera, n'kupha anthu osachepera awiri. Mawa lake madzulo kunaitanidwa msonkhano wodandaula pafupi ndi bwalo la msika la Haymarket.

Oyankhula anali atatu, August Spies, Albert Parsons ndi Samuel Fielden, ndipo ankaimirira pangolo. Meya wa mzindawo, Carter Harrison, anabwera kudzamvetsera ndi makutu ake, ndipo ataona kuti zonse zili mwabata anauza mkulu wa apolisi John Bonfield kuti palibe choopsa, n'kupita kwawo. Kunja kutayamba kuchita mitambo ya mvula anthu anayamba kubalalika, Parsons nayenso n'kuchokapo, moti panatsala anthu mazana ochepa chabe. Cha m'ma 10:30 usiku, Fielden akumaliza mawu ake, panatulukira apolisi oposa 170 atandanda m'mizere, nalamula kuti msonkhano uthe. Pomwepo wina anaponya bomba pakati pawo. Apolisi anayamba kuwombera mumdimawo, ndipo pamapeto pake panafa apolisi 7 ndi anthu wamba osachepera anayi. Olemba mbiri ambiri amati apolisi ena anavulazidwa ndi zipolopolo za anzawo omwe.

Amene anaponya bombalo sanagwidwe, ndipo khoti silinamudziwe. Amene anaimbidwa mlandu anali amuna 8 a gulu lokana ulamuliro wa boma la mtundu uliwonse, ambiri mwa iwo ochokera ku Germany, ndipo boma linati mawu ndi zolemba zawo ndi zimene zinasonkhezera kupha. George Engel usikuwo anali kunyumba akusewera makadi. Parsons anali atathawira kale ku Wisconsin, koma anabwerera yekha n'kulowa m'khoti kuti aweruzidwe pamodzi ndi anzake, ndipo n'kovuta kuwerenga zimenezi osamumvera chisoni. Woweruza Joseph Gary anagamula kuti 7 anyongedwe, Oscar Neebe akakhale kundende zaka 15.

Sikuti onse anali nkhosa. Louis Lingg ankapangadi mabomba, ndipo wolemba mbiri Timothy Messer-Kruse, atafufuzanso zolembedwa za mlanduwo, ananena kuti umboni wa chiwembu unali wamphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mfundo yake si yoti n'kuinyozera, komabe kupanga bomba ndi kuliponya ndi milandu iwiri yosiyana, ndipo wachiwiriwu sunatsimikizidwe pa aliyense wa iwo.

Chilango cha Fielden ndi Michael Schwab chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Lingg anadzipha m'chitokosi pa 10 Novembala 1887, ndipo mawa lake Spies, Parsons, Engel ndi Adolph Fischer ananyongedwa. Mu Juni 1893 bwanamkubwa wa Illinois, chigawo chomwe muli mzinda wa Chicago, John Peter Altgeld, anamasula atatu otsalawo, nanena poyera kuti anthu ogamula mlanduwo anasankhidwa mokondera ndipo woweruzayo anali ndi mbali. Nyuzipepala zinamunyoza koopsa, ndipo pa chisankho cha 1896 anagonja.

Apo n'kuti msonkhano wa zipani za apantchito ku Paris mu 1889 utasankha kale 1 Meyi kukhala tsiku la zionetsero padziko lonse. Koma ku America tsikulo linali litatenga fungo la bomba, ndipo mu 1894, sitiraka ya ogwira ntchito ku kampani ya Pullman yopanga mabogi a sitima ili mkati, pulezidenti Grover Cleveland anasaina lamulo lokhazikitsa tchuthi cha mu Seputembala.