Madzi akubafa aja musamangowasiya aziyenda

Mwezi wa Okutobala kuno ku Salima dzuwa limachita kuswa mtengo, pamjigo mzere wa ndowa mpaka uko, koma mukazungulira kuseri kwa bafa mupeza chithaphwi chobiriwira, abakha akusambamo, udzudzu ukuswana. Madzi omwe aja amayi anavutika nawo pamutu mmawa. Ine ntchito yanga ndi ya zamadzi ndi ukhondo ndiye ndikaona zimenezi zimandiwawa kwabasi.

Tisiyanitse kaye. Madzi osambira, ochapira ndi otsukira mbale ndi ena, akuchimbudzi ndi enanso. Akuchimbudziwo, kuphatikiza ochapira matewera a mwana, musayerekeze dala kuthirira, mmenemo ndi mmene mumabisala kolera, ndipo mukukumbuka mmene inatisautsira mmbali mwa nyanja muno mu 2022 mpaka 2023. Komanso dothi lathuli ndi lamchenga, madzi apansi ali pafupi, ndiye chimbudzi chizitalikirana ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa.

Akubafawo ndi amene ndikunena. Kumbani dzenje lofika mchiuno pamene madzi amatulukira paja, pansi ponyani zidutswa za njerwa, kenako timiyala ndi makala ophwanya, pamwamba mchenga, ndiye mmbali mwake mubzale nthochi kaya mapapaya kaya nzimbe, mizu izimwa, tizilombo ta mdothi tizidya litsiro lija, chithaphwi chatha basi. Otsukira mbale muziyamba mwawasefa pa kasaka chifukwa mafuta ndi makoko a nsima zimatseka mchenga uja dzenje n'kuyamba kununkha. Osawasunganso mu dilamu kuti tithirira mawa ayi, akagona amawola. Ndipo sopo waufa amene timakonda chifukwa cha thovu uja ali ndi mchere umene umalimbitsa dothi pang'onopang'ono, ndiye madzi oyamba ochapira, makamaka mukathiramo Jik, asapite pa bedi la mpiru. Tomato ndi zina zodya zosaphika, osathirira madzi onsewa ayi ndithu.

Kumafakitale nzeru yake ndi yomweyi, kungoti madzi ake ndi ambiri. Ku Dwangwa amapanga ethanol, wosakaniza ndi petulo uja, kuchokera ku molasesi, zotsalira popanga shuga wa nzimbe, ndipo ntchito imeneyi kulikonse imasiya chimadzi chakuda chafungo. Chimadzi chotere chimakhala ndi potaziyamu wambiri, ukachisungunula n'kuthira mmunda moyeza ndi feteleza ndithu, koma chikalowa mumtsinje chimamaliza mpweya wa mmadzi nsomba n'kuyandama zitafa. Feteleza wokokoloka mminda nayenso mtsinje wa Linthipe umakamutula mnyanja, onenepa naye ndi namasupuni.

Dzenje lija likayamba kusefukira musakumbe lina, palani mchenga wapamwamba wakuda uja mukakwirire patsinde pa nthochi, muthirepo wina. Mchenga ku Salima kuno sitigula.