Barcode ya pa katoni si nambala ya katundu wanu

"Zili kale ndi barcode, tingosikana basi." Mawu amenewa ndatopa nawo. Barcode ya pa katoni ya laputopu, kaya ndi EAN-13 kapena UPC, imangonena mtundu wa chinthucho. Malaputopu onse a modelo imodzi amakhala ndi nambala yomweyo. Inapangidwira wogulitsa m'sitolo, ndipo choyamba kusikanidwa ndi UPC, mu 1974 ku Ohio, m'dziko la America, chinali paketi ya chingamu. Wogulitsa alibe nazo ntchito kuti mwatenga paketi iti. Inu muli nazo ntchito, chifukwa pulogalamu yolondolozera katundu ilipo kuti iyankhe kuti laputopu iyi, iyiyi, ili ndi ndani.

Pali nkhani ina imene imandiwawabe. Bungwe lina linagula malaputopu ofanana ambiri. Atasikana yoyamba, pulogalamu inalandira. Yachiwiri inakana, ikuti nambalayi ilipo kale. Apa pulogalamuyo inali kuwachenjeza. Koma anaitana munthu wina wodzitcha katswiri, amene anangochotsa lamulo loletsa kubwereza nambala, zonse n'kulowa, anthu n'kumuyamikira. Pambuyo pake laputopu imodzi inasowa. Powerengera, aliyense wobwera ndi laputopu ankasikanidwa n'kupezeka kuti ali bwino, popeza laputopu iliyonse inkagwirizana ndi dzina lililonse. Mlandu unagwera mtsikana amene anali patchuthi tsikulo, ndipo anamudula malipiro. Ma serial number, nambala zimene fakitale imapatsa laputopu iliyonse payokha, sanalembedwe paliponse, choncho umboni womutsutsa kapena womuikira kumbuyo panalibe. Amene akuchotserani chenjezo m'malo mofufuza chifukwa chake, musamupatsenso pasiwedi.

Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake yochokera kwa inu, ndipo isabwerezedwe ngakhale chinthucho chitagulitsidwa kapena kutayidwa. Serial number ya kufakitale ilembeni m'malo ake, ndi yofunika pa waranti, koma isalowe m'malo mwa nambala yanu: imabisala pansi pa makina, ndipo anthu amasokoneza O ndi 0 pokopera. Musaikenso tanthauzo m'nambala. Ambiri amakonda kuyamba ndi zilembo za dipatimenti, ndiye mpando ukasamukira ku ofesi ina chizindikiro chimayamba kunama. Dipatimenti, chipinda ndi dzina la wosunga zikhale mu pulogalamu, kumene zimasinthika mosavuta.

Ngati mukukonzera manambala mu Excel, samalani. Imafufuta ma zero oyambirira, 00045 n'kusanduka 45, ndipo nambala yoposa manambala 15 imaisintha kumapeto kukhala ma zero. Ikani danga lonselo ngati text musanalembe kalikonse.

Si chilichonse choyenera nambala. Zingwe za chaja, makiyibodi otchipa, inki: izi werengani kuchuluka kwake basi. Mapulogalamu monga Snipe-IT amazisiyanitsa kale ndi katundu wolondolozedwa chimodzichimodzi. Funso ndi loti, chikasowa chimodzi, mudzafuna kudziwa kuti ndi chiti?

Za mtundu wa barcode sindichedwapo. Code 128 ndi yokwanira pamene malo alipo. QR, imene kampani ya Denso Wave inatulutsa mu 1994, imawerengeka ndi foni ndipo ikhoza kuwerengekabe itakandika pang'ono. Pa tizipangizo ting'onoting'ono, Data Matrix. Siyani malo oyera m'mbali mwa barcode, ndipo nambala ilembedwenso pansi kuti maso aiwerenge sikana ikakana. Chimene chimapweteketsa anthu ndi pepala. Ogulitsa ena amakupatsani zomata za direct thermal, zofanana ndi malisiti, osakuuzani kuti zimada kapena kufufutika ndi kutentha ndi dzuwa, pomwe pansi pa laputopu m'potentha tsiku lonse. Funsani zomata za polyester zosindikizidwa ndi riboni ya resin.

Ndiye pali kuzengereza. "Tigawe kaye, tidzamata sabata yamawa." Katundu akangotuluka pakhomo la sitolo, anthu amasinthana, ena amapita naye kunyumba, ndipo mudzamata mongoganizira. Matani tsiku limene wafika, chimodzichimodzi: tsegulani katoni, matani, sikanani chomatacho, sikanani serial, kenako tengani chotsatira. Musayale makumi awiri patebulo n'kumata zonse kaye kuti mulembe pambuyo, chifukwa zinthu zofanana zimasinthana malo inu osaona.