Khobidi la Aroma Kukhala Lakale Sindiye Kuti Ndi Lodula

Ambiri akamva kuti munthu ali ndi khobidi la Aroma la zaka zoposa 1,600, amaganiza kuti watola chikwama. Ayi ndithu. Makobidi ambiri amkuwa a m'zaka za m'ma 300 amagulidwa ndi madola ochepa chabe.

Chifukwa chake n'chakuti alipo mbwee. M'nthawi ya Constantine, mfumu ya Aroma, ndi ana ake, ndalama zinkasulidwa m'mizinda yambiri, monga Trier, Siscia, Antioch ndi Alexandria, ndipo zinkatuluka miyandamiyanda. Mpaka lero zikufukulidwabe. Mu 2010, ku Frome ku England kunapezeka mtsuko umodzi wokhala ndi makobidi 52,503 a m'zaka za m'ma 200.

Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa mtunduwo komanso kuoneka bwino kwa zilembo. Tembenuzani khobidilo. Mukaona asilikali awiri ataimirira ndi mawu akuti GLORIA EXERCITVS, dziwani kuti limenelo ndi lofala kwambiri. Timalemba tapansi timanena komwe linasulidwa: SIS ndi Siscia, TR ndi Trier.

Koma chonde musalikweche kuti liwale. Kubiriwira komwe kumakhala pamwamba pa khobidi lakale lamkuwa osonkhanitsa makobidi amakufuna, ndipo mukakuchotsa, kamtengo kochepa komweko kamatsikanso.