Ulere ndi ufulu si chinthu chimodzi

Sabata siitha osabwera munthu pashopu yanga yokonza makompyuta pa Luchenza, laputopu ili kukhwapa, n'kunena mawu omwewo: "Achimwene, mundiikireko Photoshop yaulere ija." Wina akufuna FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, "yomwe amaika anyamata a kumsika ija". Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi.

Photoshop yaulere kulibe. Kuyambira 2013 kampani ya Adobe, mwini wake wa pulogalamu yokonzera zithunziyi, imalipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo mmene madola akusowera kuno mukudziwa nokha. Chimene amakuikirani anyamata aja ndi crack, pulogalamu yothyoledwa loko ndi munthu amene simukumudziwa. Nanga wothyola loko uja mumati amagwira ntchito yachifundo? Ambiri amasiyamo mavairasi awo mkatimo.

Ine ndimaika zina: GIMP, Krita ndi Inkscape kwa ojambula zithunzi ndi olemba zikwangwani, Audacity ndi LMMS kwa oimba, Kdenlive kwa ojambula maukwati. Ndikatchula zimenezi munthu amakwinya nkhope, amvekere: "Zaulere sizilimba." Pamenepa m'pamene timasochera. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, "free", pa zinthu ziwiri, koma ife tili ndi mawu awiri, ulere ndi ufulu. Richard Stallman, wolemba mapulogalamu wa ku America, poyambitsa GNU, ntchito yopanga mapulogalamu aufulu, mu 1983 ankanena za ufulu: pulogalamu uigwiritse ntchito mmene ukufunira, uone mmene inalukidwira mkati, uisinthe, umugawireko mnzako mosaopa. Kumukopera mnzanu Krita pa fulashi si kuba, eni ake analemba okha m'chilolezo kuti mutero. Kusalipirako kumangobwera pambuyo.

Sindinganame, LMMS siifanana ndendende ndi FL Studio, ndipo masabata oyambirira zala zimasochera. Zimazolowera.

Chimene ndaona n'chakuti ife okonza makompyuta tikamalalikira zimenezi, palibe amatimva. Munthu sakopeka ndi chilolezo, amakopeka ndi chimene waona ndi maso. Anzathu a Blender anazindikira msanga. Pulogalamu yopangira makatuni imeneyi inali ya kampani ya ku Netherlands yomwe inagwa, ndipo mu 2002 oigwiritsa ntchito anasonkha mayuro 100,000 n'kuiombola kuti ikhale ya aliyense. Mwini nzeruyo, Ton Roosendaal, sanalekere pomwepo. Anasonkhanitsa ojambula ndi olemba mapulogalamu mu Amsterdam kuti apange filimu limodzi, yoyamba inatuluka mu 2006. Wojambula akati apa chida chikundikanika, wolemba pulogalamu amakonza pompo, ndipo pamapeto pake mafayilo onse a filimuyo ankaperekedwa poyera kuti ena aphunzirirepo. Mu 2025 filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, yopangidwa ndi Blender, inapata Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu. Chida chomwecho mungachiike lero pa Chitakale kapena pa Bvumbwe osalakwira munthu.

N'chifukwa chake ndimafuna ojambula ndi oimba kuposa anzanga a mawaya. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Inkscape anapanga chikwangwani cha malo odyera, phiri la Mulanje lili kumbuyo, minda ya tiyi ili m'munsi. Mwezi usanathe anabwera anzake atatu, osati kudzamva za ufulu, koma kudzafunsa kuti wajambulira chiyani. Iyeyo ndi amene anandionetsanso kuti zilembo zina zokongola zilibe ŵ wathu uja, tinachita kukhala pansi n'kusankha zomwe zili naye. Ine ndekha sindikanaziona.

Pali ena amaopa kuti akagwiritsa ntchito zida zaufulu ndiye kuti nyimbo yawo yasanduka ya aliyense. Ayi. Nyimbo ndi yanu, gulitsani. Kugawa ntchito yanu ndi nkhani ina, ndipo njira yake ilipo: zilolezo za Creative Commons, zomwe zinayamba kutuluka mu 2002. Mumasankha nokha, kaya anthu akope bola atchule dzina lanu, kaya akope koma asachite nazo malonda. Koma chilolezo chimenechi ukapereka suchilandanso, choncho musachiike mothamanga. Ngati ndinu membala wa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, yambani mwafunsa kumeneko. Ndipo mukajambula tchopa kumudzi, kaoneni kaye akuluakulu a gulelo musanaike pa intaneti. Kukhala ndi kamera sikukupangani kukhala mwini gule.

Tsono nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya kwaya ina ya kufupi kuno. Amayi ndi abambo, ambiri othyola tiyi, anasonkha kwa miyezi kuti ajambule nyimbo khumi. Mnyamata wojambulayo anali waluso ndithu, koma laputopu yake inali yodzaza ndi ma crack, ndipo woikayo anamuuza kuti azimitse chotchinjiriza mavairasi poti "chimasokoneza". Inayamba kutentha, kuchedwa kutseguka, kutulutsa timauthenga tachilendo. Iye n'kumati ndimalize kaye ntchitoyi, ndikonzetsa pambuyo. Anatha masabata atatu akutero, osakopera ngakhale nyimbo imodzi kwina.

Tsiku lina m'mawa mafayilo onse anali atasintha mayina, osatseguka, pali kakalata kofuna madola 980 kuti awatsegule. Anathamangira kwa yemwe anamuikira uja. Iye osafunsa n'komwe kuti muli chiyani, anangoifomata, kufufuta zonse zinali momwemo, n'kuikamo ma crack omwe aja, n'kulandira ndalama kachiwiri. Pofika kwa ine munali mutalembedwa kale zina pamwamba. Mafayilo otsekedwa chonchi nthawi zina amatseguka ngati munthu wawasunga, koma apa panalibe poyambira.

Mayi wapampando wa kwayayo anabwera okha, atavala chitenje cha mpingo, anakhala pabenchi pafupi ndi khomo manja ali pamiyendo. Anandifunsa motsitsa mawu: "Bambo, ngakhale imodzi yokha, ija anatsogolera agogo aja?" Agogowo, omwe ankaimba besi kuyambira kwayayo isanakhale ndi yunifolomu, anali atatisiya patangotha mwezi chijambulireni. Ndinakhala ndi diski ija mausiku awiri. Ndinapeza masekondi ochepa okha, agogo akukonza kukhosi asanayambe kuimba, wina akuseka chapatali. Ndinawaikira mayiwo pafoni, anamvetsera katatu, kenako anathokoza n'kunyamuka.

Musandimve molakwa, pulogalamu yaufulu payokha si mankhwala a mavairasi. Mukaitenga pa malo osadziwika, mavuto ndi omwewo. Tengani pa tsamba la eni ake, kapena kwa munthu amene angakuonetseni kumene waitenga. Aliyense wokuuzani kuti muzimitse chotchinjiriza kuti chinthu chake chilowe, nyamulani laputopu yanu muzipita. Ntchito ya tsiku muziikopera pa fulashi madzulo omwewo, fulashiyo izigona kwina, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Amene mudakali pa Windows 10 dziwani kuti Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse mu Okutobala 2025. Makompyuta akale ambiri amayenda bwino ndi Linux Mint, yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows, ndipo zida zaufulu ndatchula zija zonse zimagwira momwemo.

Mukadzaona mafayilo asintha mayina, chotsani intaneti, zulani mafulashi onse, izimitseni. Musalole munthu aifomate. Pitani nayo tsiku lomwelo kwa wodziwa, ndipo asanaigwire muuzeni chimene chili mkatimo.