Gasi wa pansi pa Karoo ndi mwini famu amene alibe gawo

Amene anakwerapo basi yochoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town amalidziwa dera la Karoo, ngakhale atakhala kuti dzina lake sanalimvepo. Ukangodutsa Colesberg, msewu wa N1 umalowa m'chipululu cha zitsamba zifupizifupi, mapiri osongoka pang'ono koma athyathyathya pamwamba, nkhosa za apa ndi apo, ndi makina oyendera mphepo okoka madzi m'mijigo. Pansi pa dera limeneli, makilomita angapo kutsika, pali thanthwe lakuda lotchedwa shale limene muli gasi. Gasi ameneyu wakanganitsa alimi, makampani ndi boma la South Africa kuyambira 2011, ndipo mpaka lero palibe amene wamugulitsapo.

Oyamba kumununkhiza anali a boma la tsankho. Mu 1965 linakhazikitsa kampani ya Soekor kuti ifufuze mafuta m'dziko momwemo, poopa kuti mayiko akunja adzalimana. Mu 1968, pa famu ya Cranemere kufupi ndi Pearston, chitsime china chinatulutsa gasi, koma pasanapite nthawi mphamvu yake inazilala. Iwo ankafuna mafuta, choncho anatseka zitsimezo n'kupita kukafufuza kunyanja.

Nkhaniyi inadzukanso chifukwa cha zimene zinachitika ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya George Mitchell ku Texas inapeza njira yotsika mtengo yong'ambira thanthwe la shale: kupopera pansi madzi ambiri osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala, mwamphamvu zedi, mpaka thanthwe litachita ming'alu. Mchenga umatsalira m'ming'alumo kuti isatsekeke, gasi n'kumakwera. Njira imeneyi ndi imene imatchedwa fracking. Chitsime chimodzi chimatha kumwa malita oposa 10 miliyoni.

Koma chimene chinafulumizitsa ntchitoyi ku America si luso lokha ayi. M'madera ambiri a dzikolo, mwini munda ndi mwininso wa zonse zili pansi pake, pokhapokha ngati ufulu umenewo unagulitsidwa padera kale. Cha m'ma 2008, ku Pennsylvania, nthumwi za makampani zinkayenda khomo ndi khomo ndi mapepala a lizi, kukhala pansi ndi alimi a ng'ombe zamkaka, n'kuwapatsa ndalama zongosainira, ena mpaka madola masauzande angapo pa ekala. Lamulo la kumeneko la 1979 limanenanso kuti mwini malo azilandira gawo losachepera limodzi mwa magawo 8 a gasi wotuluka. Mikangano inalipo, ya madzi oipitsidwa ndiponso ya makampani odula ndalama mwachinyengo, koma mlimi ankadandaula cheke chili m'thumba.

Ku South Africa zinthu sizili choncho, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kale munthu ankatha kukhala ndi ufulu wa miyala ya pansi pa famu yake, kuugulitsa kapena kuusungira ana, ngakhale kuti boma linkaikapo dzanja pa golide, dayamondi ndi mafuta. Popeza lamulo la malo la 1913 linalanda anthu akuda pafupifupi dziko lonse, ufulu umenewu unali m'manja mwa azungu ndi makampani awo. Boma la ANC linathetsa zimenezi ndi lamulo la migodi ndi mafuta la 2002, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 May 2004. Chuma cha pansi chinakhala cha mtundu wonse, boma n'kukhala mlonda wake ndiponso wopereka zilolezo, mofanana ndi mmene zilili ku Malawi. Bungwe la alimi la Agri SA linakasuma kuti kumeneku n'kulanda ndipo boma lilipire, koma mu April 2013 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linakana dandaulo lawo.

Taganizani tsono za mlimi wa nkhosa wa ku Graaff-Reinet, tauni ya ku Karoo. Kampani ikalandira chilolezo, ili ndi ufulu wolowa pa famu yake. Iyenera kukambirana naye ndi kumulipira zimene yawononga, koma pa gasi wotuluka alibepo ngakhale senti. Fumbi la malole n'lake, ndipo mjigo ukaipa ndiye kuti ziweto zake zatha. Munthu wotere n'chiyani chingamuvomeretse?

Kampani ya Shell itapempha chilolezo chofufuza gasi pa malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 90,000, omwe ndi ofanana pang'ono ndi mtunda wonse wa Malawi tikachotsapo nyanja, misonkhano ya m'maholo a m'matauni a Karoo kumayambiriro kwa 2011 inali ya moto. Makampani ena awiri, Falcon ndi Bundu, nawonso anali atapempha zigawo zawo. Otsutsa sanali anthu wamba. Johann Rupert, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dzikomo, anali nawo. Irene, mwana wa banja lachifumu la ku Netherlands kumene Shell inachokera, yemwe ali ndi malo ku Karoo, nayenso anakana. Jonathan Deal anayambitsa gulu la Treasure Karoo Action Group, ndipo mu 2013 analandira mphoto ya Goldman, ya anthu oteteza chilengedwe, chifukwa cha ntchito imeneyi. Mu April 2011 nduna za boma zinaimitsa zilolezo, koma mu September 2012 zinatsegulanso njira kwa amene anali atapempha kale.

Mfundo yaikulu ya otsutsa inali madzi, ndipo inali yomveka. Matauni ambiri a Karoo amadalira madzi a pansi. Beaufort West inayamba kale kuyeretsa madzi a m'zimbudzi n'kuwabwezera m'mipopi, ndipo damu lake la Gamka linaphwa mu 2017. Shell inalonjeza kuti sidzalimbirana madzi ndi anthu, koma funso loti nanga idzawatenga kuti silinayankhidwe mokhutiritsa.

Komabe si bwino kuiona nkhaniyi ngati ya Davide ndi Goliati. Mafamu ambiri a Karoo akadali a azungu, pamene antchito awo ndi anthu a m'makomboni a m'mphepete mwa matauni ali pa umphawi wadzaoneni, ambiri akudalira ndalama za chithandizo za boma. Kwa iwo, mawu oti tisunge Karoo mmene alili sankamveka mokoma, chifukwa mmene alilimo iwo alibemo kanthu. Kafukufuku wina wa 2012 wolipiridwa ndi Shell anakamba za ntchito zofika 700,000. Kafukufuku wa boma wa 2016, wotsogoleredwa ndi bungwe la kafukufuku wa sayansi la CSIR, anapeza kuti ntchito zenizeni za pa zitsime zingakhale mazana kapena masauzande ochepa chabe, zambiri zofuna anthu aluso ochokera kwina. Osauka anagwiritsidwa ntchito ngati chishango ndi mbali zonse ziwiri.

Nayenso gasiyo anayamba kuchepa papepala. Mu 2011 nthambi ya boma la America yoona za mphamvu inati ku Karoo kungakhale ma cubic feet (muyezo wa kuchuluka kwa gasi) 485 thiriliyoni, ndipo mu 2013 inatsitsa n'kufika pa 390. Mu 2017 akatswiri a miyala a m'mayunivesite a ku South Africa, atapima miyala yochokera m'zitsime zatsopano, anati nambala yoyandikira zoona ndi 13. Chifukwa chake n'chakalekale: zaka pafupifupi 183 miliyoni zapitazo, chiphalaphala cha moto chinalowerera m'matanthwe a Karoo n'kupsereza gasi wambiri. Mwala wolimba umene unatsala ndi womwe uja umaoneka pamwamba pa mapiri athyathyathya. Mitengo ya mafuta itagwa, Shell inachepetsa antchito ake a ntchito ya Karoo mu 2015.

Alimi sanapambane ndi zionetsero koma ndi maloya. Nduna ya migodi itatulutsa malamulo oyendetsera fracking mu 2015, alimi a ku Eastern Cape anakasuma, ndipo mu 2017 khoti la ku Grahamstown linawathetsa. Mu 2019 khoti la apilo linagwirizana nazo: nkhani za chilengedwe si za nduna ya migodi, ndi za nduna ya zachilengedwe. Khotilo silinanene kuti fracking ndi yoipa, linangoti wolemba malamulowo analibe mphamvu yotero, ndipo boma linabwerera poyambira.

Chidwi cha boma sichinathe, makamaka m'zaka za kuthimathima kwa magetsi a Eskom, ndipo nduna ya migodi Gwede Mantashe wakhala akunena poyera kuti gasi wa Karoo akumbidwe. Mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo latsopano la mafuta ndi gasi, lomwe likupatsa boma gawo la 20 pa 100 pa chilolezo chilichonse chofufuza ndi kukumba.